Mfuti Yopepuka ya a Bizwick

A Bizwick Chilenje anagula mfuti yawoyawo atadutsa kale zaka sikisite. Zimene ananyamulapo m'mbuyomo zinali za boma, pa nthawi imene anali a gemu ku nkhalango ya Kasungu. Zinali zimfuti zolemera ngati musi, mtengo wake wakuda ndi thukuta la anthu amene anapuma ntchito kalekale, ndipo ina inali ndi manambala angapo osiyana chifukwa ofesi iliyonse imene inadutsamo inkafuna kusiyapo chizindikiro. Ankayenda nazo m'tsekera kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kufunafuna misampha ya waya ndi mapazi a anthu opha nyama mozemba. Kuwomba kwenikweni kunali kwa apo ndi apo. Koma njati ikavulazidwa ndi mfuti ya gogodela n'kuyamba kuthamangitsa amayi kumadimba, amene ankaitanidwa anali a Bizwick, chifukwa dzanja lawo silinkachita kubwereza.

Ku South Bend, ku America, anafika motsatira akazi awo, mayi Ida, amene anabwera kudzaphunzira unamwino. Ku Indiana kunalibe njati yoti ailondere, ndipo setifiketi yawo ya gemu, ngakhale inali ndi chidindo chachikulu ngati sosa, palibe amene anaifunsa. Anapeza ntchito imene Amalawi ambiri a m'tauniyo amaidziwa bwino, ya kunyumba yosungirako okalamba: kutembenuza anthu pabedi, kuwasambitsa, kuwadyetsa phala losakoma ndi supuni yapulasitiki. Ankagwira madabulo, mashifiti awiri motsatizana. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Shadrick, anabwera asanadziwe kumanga zingwe za nsapato, ndipo anakula akudziwa bambo ake ngati munthu wogona masana makatani atatseka, amene suyenera kumusokosera.

Shadrick anakula, anapeza ntchito kulabu ya chipatala china pakatikati pa Indianapolis, n'kukwatira mtsikana wa komweko dzina lake Melissa. Anagula kanyumba ku Beech Grove, m'mphepete mwa mzindawo. Ankaimba foni Lamlungu lililonse, poti analeredwa bwino. Ankafunsa za moyo, a Bizwick n'kufunsa za galimoto, onse awiri n'kugwirizana kuti kunja kukuzizira. Zikatero a Bizwick ankati, "Nawa amako," ndipo foni ikafika kwa mayi Ida m'pamene munkamveka kuseka.

Chaka china pa chikondwerero cha mu Novembala chija chodyera nkhukundembo, ali ku Beech Grove, a Bizwick anaona chithunzi pafiriji. Shadrick anali atagwada pambali pa gwape wakufa, mfuti pamwendo, ndipo kumbuyo kwake kunali bambo a Melissa, a Edmond, dzanja lili paphewa la mnyamatayo. A Edmond anali mzungu wamimba, wogulitsa matayala, wamtima wabwino moti kumuda kunali ntchito. Anawamenya a Bizwick pamsana n'kuwauza kuti mwana wawo ali ndi diso, ndipo kuti iwo angomuonetsa pang'ono chabe. A Bizwick anathokoza asewere awowo mwaulemu wonse.

Pobwerera pamsewu wa 31, atadutsa Kokomo, a Bizwick anayamba kudandaula.

"Mwana wanga akuphunzitsidwa kugwira mfuti ndi munthu wa matayala," anatero.

"Nanga inu munali kuti, bambo a Shadrick?" anafunsa mayi Ida.

"Ndinali kuntchito."

"Eya. A Edmond nawonso amagwira ntchito. Kungoti amaweruka."

Lamlungu lotsatira, Shadrick ataimba, a Bizwick sanapereke foni kwa mayi ake msanga. Anamufunsa ngati anamvapo za nyama zazikulu ngati ntchefu zimene zimakhala kumapiri a kumadzulo, zimene amati eliki. Shadrick anati anamvapo, ndipo kuti kumeneko galimoto imakusiya m'munsi, iwe n'kukwera phiri masiku angapo ndi katundu kumsana, nyamayo n'kuiona kutsidya kwa chigwa, kutali koti munthu amaoneka ngati nyerere.

"Tidzapite awirife," anatero a Bizwick. "Iwe ndi ine. Ndikakuonetse ntchito imene ndinkagwira."

Shadrick anayankha m'Chichewa chake chopunduka chija, chimene ankachitulutsa pa zinthu zofunika zokha. "Chabwino, Adadi. Tidzapita."

Koma eliki saipita ngati kumsika. Choyamba panafunika maphunziro a kagwiridwe ka mfuti, ndipo a Bizwick, amene anagonetsapo njati yolusa, anakhala pa mpando wapulasitiki n'kuuzidwa ndi kanema kuti mbali yoopsa ya mfuti ndi yakutsogolo. Anakhoza. Kenako panali mayere. Boma la kumapiriko silipereka chilolezo kwa aliyense wochifuna. Umafunsira chaka chino, amakukana mwaulemu, n'kukupatsa poyinti imodzi yokupukuta misozi. Chaka chamawa umafunsiranso. Ukakanidwa mokhulupirika zaka zokwanira, mapoyintiwo amasanduka chilolezo. A Bizwick, amene anadikirapo kukwezedwa paudindo m'boma, anaona kuti dongosololi ndi lachilungamo kwambiri, poti kuno wokukana amakuuza kuti wakukana.

Kumpingo nako nkhaniyo inafika. Iwo anali a Sabata, ndipo mkulu wina wampingo anawafunsa ngati nyamayo ndi yodyedwa malinga ndi malemba. Zinatenga Masabata awiri ndi chithunzi cha ziboda zake kuti agwirizane kuti imabzikula ndipo ndi yogawanika chiboda. Kuyambira pamenepo anthu ankawatcha a Eliki, ndipo amayi ena anasungiratu malo mufiriza.

M'zaka zodikirazo mafoni a Lamlungu anatalika. Ankakambirana za mphepo, za nsapato, za mmene nyama imamvera fungo la munthu. Mayi Ida ankachita kuitanitsa foni. Ndipo m'zaka zomwezo dzanja lamanja la a Bizwick linayamba kunjenjemera.

Linayamba pang'ono, ngati tsamba limodzi logwedera pamtengo popanda mphepo. Anayamba kuliika m'thumba. Kutchalitchi ankagwira buku la nyimbo ndi lamanzere. Mayi Ida, amene ntchito yawo inali yoona zinthu zoterezi mwa anthu achilendo, anaziona mwina a Bizwick asanazione okha, ndipo chimene anachita n'kuyamba kuwathirira tiyi wosadzaza kapu. Kwathu munthu wamkulu sadwala mpaka atanena yekha kuti akudwala. Amene ali naye pafupi amangochotsa zosweka m'njira yake n'kumadikira.

Chilolezo chinatuluka mwezi wa Juni, cha onse awiri, cha ulendo wa mu Okutobala. Shadrick anabukitsa tchuthi tsiku lomwelo. Chinatsala ndi mfuti.

Shadrick ndiye anafufuza. Anati kumapiri chilichonse chimene wanyamula chimalemera kawiri pofika masana, ndipo msana wa bambo ake unali utatha kale ndi kunyamula nkhalamba za eni. Pankafunika mfuti yopepuka koma yofika kutali, yamtundu uja umawomba kamodzi n'kukoka chitsulo ndi dzanja kuti chipolopolo china chilowe. Anaipeza m'sitolo ina chakufupi ndi Speedway. Chogwirira chake sichinali chamtengo ayi, chinali cha zinthu zakuda zopepuka ngati bango, ndipo mpope wake unali wowonda ngati chala. A Bizwick ataikweza anatsala pang'ono kuiponya kudenga.

"Iyi ndi mfuti kapena ndodo ya tsache?"

"Ndi mfuti, Adadi. Mukaithokoza tikakhala paphiri."

Wogulitsayo anawachenjeza zinthu ziwiri. Anati mfuti yopepuka imamenya phewa kuposa yolemera, ndipo mpope wowonda sukhalira kutentha, moti ukawomba motsatizana zipolopolo zimayamba kuyenda zokha. Chachitatu sanachinene, mwina chifukwa dzanja la a Bizwick linali m'thumba. Mfuti yolemera imameza kunjenjemera kwa munthu. Yopepuka sibisa kanthu.

Anayamba kuiyesa Lamlungu, pamalo ophunzirira kuwomba kumwera kwa Indianapolis. A Bizwick ankadrayiva kuchokera ku South Bend m'mawa, kudutsa minda ya chimanga yopanda ngakhale chulu, n'kukamutenga Shadrick ku Beech Grove. Iwo ankakhala pabenchi, tsaya pamfuti. Shadrick ankakhala pambali ndi galasi lake lalikulu loonera kutali, n'kumanena pamene chipolopolo chagwera pachandamale.

Tsiku loyamba, m'galasi la mfutiyo, a Bizwick anaona kamtanda koloza nako kakuvina pachandamale ngati ntchentche pawindo. Anagwira mpweya. Anadikira kuti kaime. Sikanaime. Anawomba katatu. Chipolopolo china chinagwera pamwamba kumanzere, china pansi, chachitatu sichinapezeke n'komwe papepala.

Shadrick anakhalitsa diso lili pagalasi lake.

"Ndi zipolopolo izi," anatero pomaliza. "Mfuti zina zimasankha. Titraye mtundu wina."

"Ndimaona ngati," anatero a Bizwick.

Anagula mtundu wina. Sabata yotsatira mlandu unagwera galasi la pamfuti, ndipo analisintha. Kenako unagwera tizitsulo tomangira galasilo, ndipo katswiri wina wa mfuti anatimanga mwatsopano n'kunena kuti sanapeze vuto, zimene bambo ndi mwana anagwirizana kuti zikungoonetsa kuchepa kwa ukatswiri wake. Anaikako timiyendo tiwiri kutsogolo. Anaikako chitsulo kukamwa kwa mpope chochepetsa kumenya phewa, chimene chinawonjezera phokoso moti oyandikana nawo pabenchi anasamuka. Mphepo inaimbidwa mlandu. Dzuwa linaimbidwa mlandu. Mfuti yopepuka ija, ndi zonse anaiveka, inayamba kulemera ndithu, koma zipolopolo zinkangomwazikabe ngati nkhuku zoona kabawi.

Pa nthawi yonseyi Shadrick sanaiwombe mfutiyo ngakhale kamodzi. Ankati galasi analichunira diso la bambo ake, iye akaligwira asokoneza. A Bizwick ankavomereza kuti n'zoona.

Melissa yekha ndi amene sankadziwa mwambowo. Tsiku lina akudya masana ku Beech Grove, ataona mpunga ukugwa pafoloko ya apongozi ake, anayamba kufunsa m'Chingerezi ngati anaonanapo ndi dokotala za dzanjalo. Sanamalize. Shadrick anamuponda phazi pansi patebulo mwamphamvu moti madzi anagwedera m'matambula. A Bizwick anayamikira kuti nkhuku yapsa bwino.

Komabe maulendo a Lamlunguwo a Bizwick ankawakonda kuposa chilichonse chimene anachitapo ku America. Podikira kuti mpope uzizire, ankamufotokozera Shadrick za Kasungu: mmene njovu imayendera osamveka, mmene ankagonera pansi pa mtengo wa muwanga mvula ikugwa, dzina la mnzawo amene ankaopa njuchi kuposa mkango. Shadrick ankamvetsera, nthawi zina n'kufunsa tanthauzo la mawu. Bola mfuti ikhale yolakwa, Lamlungu lina linalipo.

Kumapeto kwa Seputembala, kutatsala milungu yochepa, chandamale anachiika kutali, mtunda wonga umene akanawombera kuphiri. Kunalibe mphepo. Kunali mitambo, dzuwa losathobwa m'maso. Zipolopolo zinali zimene onse anagwirizana kuti ndi zabwino. A Bizwick anawomba, n'kudikira, n'kuwombanso. Shadrick anayang'ana m'galasi lake nthawi yaitali, ndipo a Bizwick anaona kuti mwanayo akufunafuna choti anamizire, ndipo zonse zatha.

Zimene zinawabwerera m'mutu si njati zimene anagonetsa, koma mmene ankazipezera. Ina anailondola tsiku lathunthu, magazi akuda pamasamba, n'kuipeza itaima m'madzi, chibwano chitathyoka ndi chipolopolo cha munthu wosadziwa kuwomba, ikulephera kumwa. Tsiku limenelo anatukwana munthu amene sanamuonepo, mawu amene munthu wa Sabata sayenera kuwadziwa.

Anadzuka pabenchi.

"Takhala apa. Womba iwe."

"Adadi, galasi lija..."

"Khala."

Shadrick anakhala. Anaika tsaya, anapuma, anawomba. A Bizwick sanapite pagalasi loonera kutali. Anaima pambali n'kumayang'ana mwana wawoyo, ndipo anaona phewa lake likukankha pang'ono, dala, chipolopolo chisanatuluke. Anawomba kachiwiri, n'kukankhanso chimodzimodzi.

"Mwaona?" anatero Shadrick osawayang'ana. "Inenso ikundikana. Mfuti iyi ndi yoipa."

"Shadrick. Ndaphunzitsapo anthu kuwomba iwe usanabadwe. Wophonya mwangozi ndimamudziwa, wophonya mwaulemu ndimamudziwanso. Dikira izizire, uwombe bwinobwino. Usandinyoze."

Anadikira kuti mfuti izizire. Kubenchi ina munthu wina ankaseka ndi mnzake. Kenako Shadrick anaikanso tsaya, ndipo ulendo uno thupi lake linakhala bata ngati mwala. Anawomba katatu, modekha, akukoka chitsulo chija mosafulumira. A Bizwick anawerama pagalasi, atagwira dzanja lamanja ndi lamanzere kumbuyo. Mabowo atatuwo anali pakati, ogundana, oti ukhoza kuwaphimba ndi chitsekerero cha botolo.

"Mfuti ilibe mlandu," anatero. "Ndi yabwino kwambiri. Wasankha bwino."

"Tikhoza kuyandikira nyamayo, Adadi. Simuyenera kuwombera kutali."

"Ngakhale itaima pakhomo la galimoto. Ndikaithyola mwendo, n'kuthawira m'chigwa, ukaitsatira ndiwe? Ine zimenezo ndinazionapo. Sindichita."

"Ndiye musawombe. Tiyeni basi. Ndikawomba ine, inu mukakhala nane."

"Ndikakhale ndani kumeneko? Katundu?"

"Mukandionetsa mapazi. Mphepo. Zimene mumanena zija."

"A Edmond alipo. Wonyamula nyama safuna chilolezo. Uwatenge iwowo, ali ndi msana."

Apa Chichewa cha Shadrick chinatha, ndipo anapitiriza m'Chingerezi, mofulumira. Anati iye za eliki analibe nazo ntchito kuyambira pachiyambi. Anati nyama akhoza kugula kusitolo. Anati tchuthi anatengera kuti akhale m'galimoto masiku awiri ndi bambo ake, kuti adzuke m'tenti imodzi, kuti kamodzi kokha pa moyo wake bambo ake akhale maso nthawi imene iyenso ali maso.

A Bizwick Chingerezi ankachimva bwino lomwe. Anamva zonse. Koma kwa zaka zonse zodikira zija, munthu amene ankamuona akukwera phirilo anali wa gemu, mfuti paphewa, mwana akutsatira pambuyo n'kumaona. Munthu winayu, woyenda kumbuyo manja m'thumba, wothiriridwa tiyi wosadzaza, sankamudziwa, ndipo sanafune kuti akakumane naye koyamba pamaso pa mwana wawo. Anaika mfuti m'chikwama chake. Zipi inawavuta, ndipo Shadrick anayang'ana kumbali mpaka anatseka okha.

"Tenga," anatero. "Uzikumbukira kuti ikatentha imanama. Chipolopolo choyamba ndicho chenicheni."

Kunyumba anauza mayi Ida kuti ulendo walephereka. Mayi Ida anawayang'ana nthawi yaitali.

"Mwana wakupemphani kuti mupite?"

"Wapempha."

"Ndiye inu mwati chiyani?"

"Ndati a Edmond alipo."

Mayi Ida anapukuta manja pansalu, ngakhale anali ouma. "Mbewa ya manyazi inafera kuuna, bambo a Shadrick," anatero, n'kutuluka kukaanula zovala.

Kwa dokotala anapitako ndithu, koma amene anawatumiza si akazi awo kapena mpongozi wawo. Inali ofesi ya kumapiri ija. Anaimba foni kuti abweze chilolezo, ndipo mayi wina waulemu anawauza kuti akangobweza chabe mapoyinti awo onse apsa, koma akatumiza umboni wa dokotala kuti akudwala, awabwezera kuti adzafunsirenso m'tsogolo. A Bizwick, munthu amene sanasiyepo chinthu cha boma chikutayika, anapanga apoyintimenti. Dokotala anawauza kuti atambasule manja, agwire mphuno, ayende mpaka kukhomo n'kubwerera. Kenako anatchula dzina la matendawo, n'kufotokoza mosazungulira kuti mankhwala amachepetsa koma sabweza, ndipo kuti miyendo nayo idzatsatira. Mapoyinti anabwezedwa onse, ndi mawu owafunira mafuno abwino pa ulenje wawo wamtsogolo.

Shadrick ananyamuka pakati pa Okutobala ndi a Edmond. Anaimba asananyamuke kufunsa komaliza, ndipo a Bizwick anamuuza kuti ali pashifiti ndipo ayende bwino. Kuntchito anali atawachotsa kale pa zonyamula anthu. Tsopano ankakankha kangolo ka zovala ndi kukhala ndi amene alibe owayendera.

Tsiku lina masana, ali m'chipinda chopumira akudya buledi, foni inalira. Anali Shadrick, akunong'ona, mphepo ikuwomba m'foni ngati nsalu yong'ambika. Anati wakwera pamsonga pa phiri pamene netiweki ikugwira pang'ono. A Edmond anatsala m'munsi, bondo lawavuta. Anati ali yekha, ndipo kutsidya kwa chigwa kuli eliki yamphongo, yaikulu, yaima pakati pa mitengo.

"Ikudya kapena yakweza mutu?" anafunsa a Bizwick. Anali ataimirira osadziwa.

"Ikudya."

"Mphepo ikukumenya kuti?"

"Kumaso. Ayi, kutsaya lamanzere. Adadi, mtima ukugunda kwambiri. Manja anga akunjenjemera."

A Bizwick anatseka maso. "Amatero. Akowo asiya. Gona pansi, uike chikwama pansi pa mfuti. Usayang'ane nyanga. Undiuze ikatembenuka."

Anamva kupuma kwa mwanayo, ndi miyala ikukhulana pamene ankagona.

"Adadi, mukanaona kuno. Phiri lonse ndi lachikasu. Mukana..."

Foni inaduka. A Bizwick anaimbanso, koma mawu a mayi wa pamakina anawauza kuti munthuyo sakupezeka. Anayesanso. Kenako anakhala pansi, foni ataigwira ndi manja onse awiri kuti isagwe, n'kumaiyang'ana. Pawindo pankaoneka poimika magalimoto, mpanda wa waya, ndi kumwamba kotuwa kwa South Bend.

M'khonde belu linayamba kulira, la chipinda chakumapeto, cha agogo ena amene ankaitana kuti afunse ngati lero ndi tsiku lobwera ana awo. A Bizwick analisiya lilire pang'ono. Kenako anaika foni m'thumba la yunifolomu n'kupita.